Kucokera pa Mtondo Kufika pa Cigayo ca Mgodi: Mbiri ya Mphamvu Zoperera Miyala ya Mkuwa

1.0 Malonje

Munthu akamva za mgodi, maganizo ake amathamangira ku dzenje lakuya, ku mdima wa pansi pa nthaka, kapena ku moto wa ng'anjo yosungunulira mkuwa. Koma pakati pa dzenje ndi ng'anjo pali nchito ina imene olemba mbiri saichula kawirikawiri, ngakhale kuti pa migodi yambiri ya masiku ano, makamaka ya maenje oyasama, ndiyo imadya magetsi koposa nchito ina iliyonse. Nchitoyi ndi ya kuphwanya ndi kupera miyala kufikira itasanduka ufa. Mkuwa umakhala womwazikana m'mwala m'tinjere tating'onoting'ono, ndipo sungalekanitsidwe ndi mwala wacabe pokhapokha mwalawo utaperedwa kufikira tinjereto titamasuka.

Nkhani ino ilondola mbiri ya nchito imeneyi kuyambira pa migodi ya makolo, kudzera ku Ulaya, ku America, ku South Africa ndi ku Australia kumene makina ake ambiri anayambira, kufikira pa migodi ya m'Zambia ya lero. Mfundo imene tifuna kuonetsa ndi iyi: kwa zaka zoposa 150 amisiri akhala akuzindikira kuti mphamvu zambiri zolowa m'cigayo ca mgodi zimangotayika, ndipo nthawi zambiri pamene anapita patsogolo, cinawathandiza ndi kudziwa cimene siciyenera kuperedwa. Tiyamba ndi mau a Cinyanja onena za nchito yotereyi, popeza m'mauwo muli kale dongosolo limene litithandize kumvetsa mbiri yonseyi.

2.0 Mau a pamtondo ndi nzeru zake

Cinyanja cili ndi aneni angapo osiyanitsa njira zocepetsera cinthu colimba. Kuswa ndi kuphwanya ndiko kugawa cinthu cacikulu m'zidutswa pocimenya kapena pocipanikiza. Kusinja ndiko kumenya ndi munsi mumtondo, ndipo kukonola ndi kusinja kumene colinga cake ndi kucotsa gaga pa cimanga kuti patsale mphale. Kupera ndiko kukankha mwala waung'ono pamwamba pa mwala waukulu, njere zili pakati, monga amacitira ndi mawere. Dzina lakuti mphero linapangidwa kucokera ku tsinde lomwelo la -pera. Kugaya ndi nchito ya makina, ndipo ndiko kumene kucokera maina akuti cigayo ndi mgaiwa. Tsinde la -gaya lipezekanso m'Cizulu ndi m'Cindebele, m'mene ukugaya ndi kupera ndipo isigayo ndi makina ake. Ashona amati chigayo, Abemba amati icigayo. Zilankhulo zimenezi ndi za maiko amene analumikizidwa ndi njanji ndi maulendo a amuna ofuna nchito ku migodi.

Pambali pa aneni ocepetsa pali aneni osankha, monga kupeta ndi kusefa. Mai wosinja samangosinja kufikira zonse za mumtondo zitasalala. Poyamba amakonola ndi kupeta pa licero kuti gaga acoke. Kenaka amaviika mphale m'madzi masiku angapo kuti ifewe. Akayamba kusinja, amasinja pang'ono, n'kusefa, ufa wosalala n'kuuika pambali, ndipo misere yokha ndiyo imabwerera mumtondo. Tikaonetsetsa, pali malamulo atatu: cotsa msanga cimene sucifuna, fewetsa usanasinje, usasinjenso cimene casalala kale. Sitikunena kuti amisiri a ku Ulaya anaphunzira kwa amai a kuno, ai. Tikunena kuti aliyense amene mphamvu zake n'zowerengeka amafika pa malamulo omwewa, ndipo tiona kuti amigodi anawakumbukira makamaka pamene mphamvu zinali zodula kapena zosowa.

3.0 Migodi ya makolo

Mkuwa unakumbidwa m'dziko lino kale kwambiri Azungu asanafike. Pa phiri la Kansanshi, pafupi ndi Solwezi, kafukufuku wa Michael Bisson wa m'zaka za m'ma 1970 anaonetsa kuti anthu anasungunula mkuwa pamenepo zaka zoposa 1,000 zapitazo. Pamene George Grey anafika pa Kansanshi m'caka ca 1899, anapeza ngalande zakuya zimene anthu a m'deralo anakumba potsata mizere ya mwala wa mkuwa. M'manda a pa Ing'ombe Ilede, amene anapezeka m'caka ca 1960 m'cigwa ca Zambezi, munali mitanda ya mkuwa yoonetsa kuti cumaci cinali kuyenda mitunda yaitali m'malonda.

Amisiri akalewo anali kufuna mwala wobiriwira wochedwa malachite, umene ukakhala wopanda zosakaniza, koposa theka la kulemera kwake ndi mkuwa. Mwala wotere umaoneka ndi maso. Anali kuuswa ndi miyala inzake kapena ndi nyundo, kusankha zidutswa zobiriwira ndi manja, ndi kutaya zotsalazo zisanafike pa ng'anjo. Mphamvu yonse ya nchitoyo inali ya m'manja, yocokera m'cakudya ca tsiku limenelo, ndipo munthu wotero sataya thukuta pa mwala wopanda pake. Conco lamulo loyamba, la kucotsa msanga cosafunika, ndilo linali mtima wa migodi ya makolo. Koma njira imeneyi inatheka cifukwa mwala unali wolemera ndi mkuwa ndiponso wapafupi ndi pamwamba. Mbiri yonse yotsatira ndi ya anthu olimbana ndi miyala imene mkuwa wake ukunka nucepa.

4.0 Minsi ya makina ndi nsagwada za citsulo

Ku Ulaya, buku la Georgius Agricola lochedwa De re metallica, limene linasindikizidwa m'caka ca 1556, linafotokoza ndi kujambula makina a ku migodi ya ku Saxony ndi maiko oyandikana nako. Pakati pa makinawo panali mtondo weniweni wa makina: minsi yaikulu ya mitengo, yovekedwa citsulo kunsonga, imene gudumu loyendetsedwa ndi madzi linali kuinyamula ndi kuigwetsa pa miyala mosinthanasinthana. Makina a minsi amenewa anakhala akulamulira nchito yoswa miyala kwa zaka zoposa 300. Anakonzedwanso ku California m'nyengo ya golide ya m'zaka za m'ma 1850, ndipo golide atapezeka ku Witwatersrand m'caka ca 1886, minsi ya citsulo zikwizikwi yoyendetsedwa ndi nthunzi ya malasha inali kugunda usana ndi usiku m'mphepete mwa Johannesburg.

Vuto la munsi ndi lakuti nchito ziwiri umazigwira ndi nkhonya imodzi. Nkhonya yokwanira kuswa mwala waukulu imaposa muyeso pa kamwala kakang'ono, ndipo mphamvu yotsalayo imathera m'nthaka, m'phokoso ndi m'kutha kwa citsulo. Njira yothetsera vutoli inali kugawa nchito m'magawo. M'caka ca 1858, Eli Whitney Blake wa ku New Haven, m'dziko la America, analembetsa makina oswera miyala ya mseu, imene kufikira nthawi imeneyo inali kuswedwa ndi nyundo za m'manja. Makinawo ali ngati nsagwada ziwiri za citsulo, ina yokhazikika, ina yoyenda, zimene zimatafuna mwala ukutsika. Amigodi anawatenga msanga. Pambuyo pake panabwera makina ena opanikiza mwala ndi mutu wa citsulo woyendayenda m'kati mwa mbiya yaikulu. Ku Witwatersrand, kuyambira m'caka ca 1904, anayamba kuika migolo yaitali yozungulira pambuyo pa minsi, kuti minsi iziswa, migolo izipera. M'kupita kwa nthawi minsi inatha, ndipo panatsala dongosolo limene tilidziwa lero: makina ophwanya poyamba, kenaka cigayo ca mgolo wozungulira wokhala ndi mipira ya citsulo m'kati mwake.

5.0 Njira ya thovu ndi kufunika kwa ufa wosalala

Cimene cinacititsa kuti kupera kukhale nchito yaikulu ya mgodi ndi njira yatsopano yosankhira miyala imene inakhwimira ku Broken Hill, m'dziko la Australia, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Kumeneko kunali milu ya zotsalira zokhala ndi zinki wambiri amene njira zakale zinalephera kumucotsa. Amisiri angapo anapeza kuti mwala woperedwa ukasakanizidwa ndi madzi ndi mafuta pang'ono, mpweya n'kupopedwamo, tinjere ta mtundu wa sulphide timamatirira ku thovu ndi kuyandama, pamene mcenga wacabe umamira. Kampani ya Minerals Separation inalembetsa njira yake yotereyi m'caka ca 1905, ndipo m'zaka zowerengeka njira ya thovu inafalikira pa migodi ya mkuwa ya maiko ambiri.

Njira imeneyi inacititsa kuti miyala ya mkuwa wocepa, imene kale inali yopanda phindu, ikhale cuma. Koma walira mvula walira matope. Thovu silinganyamule kanjere kolemera kapena kamene kakali komangika m'mwala wacabe, motero mwala wonse, wabwino ndi woipa womwe, unayenera kuperedwa kufikira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Lamulo la makolo la kusankha usanaswe linatembenuzidwa: tsopano anali kupera zonse kuti asankhe pambuyo.

Lamulo lacitatu ndilo linacepetsako kuonongeka kwa mphamvu. M'caka ca 1904, John Dorr, amene anali kugwira nchito pa migodi ya golide ya ku South Dakota, anapanga makina olekanitsa mcenga wokhakhala ndi ufa wosalala m'madzi. Makinawa atalumikizidwa ndi cigayo, ufa wosalala unali kupita kutsogolo, misere n'kubwerera m'cigayo, monga momwe mai amacitira ndi sefa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 nchitoyi inayamba kugwiridwa ndi ziwiya zozungulitsa matope ngati kamvulumvulu. Phindu lake linali pawiri, cifukwa kupera mopitirira muyeso kumaononga mphamvu ndiponso kumataya mkuwa: tinjere tosalala kwambiri timavuta kugwidwa ndi thovu ndipo timapita ndi matope otayidwa.

6.0 Mkangano wa akatswiri pa muyeso wa mphamvu

Funso lakuti kodi kupera mwala kumafuna mphamvu zoculuka bwanji linavutitsa akatswiri kwa zaka pafupifupi 100. M'caka ca 1867, Peter von Rittinger wa ku Austria ananena kuti mphamvu zimalingana ndi kukula kwa nkhope zatsopano zimene zaoneka mwala utasweka. Tiyerekeze mwala wa mbali zisanu ndi imodzi zofanana, wa mita imodzi mbali iliyonse; nkhope zake zonse ndi masikweya mita 6. Ukadulidwa m'tizidutswa ta milimita imodzi, nkhope zimafika masikweya mita 6,000, ndipo pa gawo limodzi mwa khumi la milimita zimafika 60,000. M'caka ca 1885, Friedrich Kick anatsutsa, nanena kuti cofunika ndi kuwerenga kuti mwala wacepetsedwa kangati, kaya ndi waukulu kaya ndi waung'ono.

Kusiyana kwa awiriwa kumaoneka bwino m'citsanzo ici. Kucepetsa mwala kucokera pa mita imodzi kufika pa sentimita imodzi ndi kuucepetsa ka 100. Kucokera pa sentimita imodzi kufika pa gawo limodzi mwa khumi la milimita ndi ka 100 komweko. Kwa Kick, nchito ziwirizi zifuna mphamvu zofanana. Kwa Rittinger, yaciwiriyo ifuna mphamvu zoposa yoyamba ka 100. M'caka ca 1952, Fred Bond wa kampani ya Allis-Chalmers ku America, atasonkhanitsa zotsatira za zigayo zambiri, anapereka lamulo lacitatu lokhala pakati, limene pa citsanzo cathu limati ka 10. Bond anakhazikitsanso muyeso wa kulimba kwa mwala, umene amigodi akali kuugwiritsa nchito. M'caka ca 1961, R. T. Hukki wa ku Finland anaonetsa kuti lamulo lililonse lili ndi dera lake: la Kick pa miyala ikuluikulu, la Bond pa kupera kwa masiku onse, la Rittinger pa ufa wosalala kwambiri.

Tikatsata lamulo la Bond pa mwala wa mkuwa wolimba pakatikati, ndi kuwerenga m'mayuniti a magetsi omwe aja timagula a m'nyumba, tipeza kuti kuphwanya tani imodzi kucokera pa mita kufika pa sentimita kumadya yuniti imodzi ndi pang'ono. Kuipera kufika pa gawo limodzi mwa khumi la milimita kumadya mayuniti pafupifupi 12. Ndipo kuicepetsanso kanai kokha kucokera pamenepo kumadya mayuniti ena 13, ndiko kuti ofanana ndi nchito yonse yam'mbuyo. Cifukwa cake cinafotokozedwa ndi A. A. Griffith m'caka ca 1921, amene anaonetsa kuti cinthu colimba cimasweka potsata timing'alu timene tili kale m'kati mwake. Mwala waukulu uli ndi ming'alu yambiri. Ukamacepa, ming'aluyo imatha, ndipo kanjere kotsalako kamakhala kolimba koposa mwala umene kanacokerako.

Cina cimene akatswiri anapeza n'cakuti mwa mphamvu zonse zolowa m'cigayo ca mipira, zimene zimagwiradi nchito yopanga nkhope zatsopano ndi zocepa zedi, mwina gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 100. Zotsalazo zimasanduka kutentha ndi phokoso, cifukwa mipira yambiri imagwera pa mipira inzake kapena pa khoma la mgolo. N'cifukwa cake matope amatuluka m'cigayo ali ofunda, ndipo mipira yokhayo imatha n'kumafuna kuonjezeredwa nthawi ndi nthawi.

7.0 Migodi ya ku Copperbelt ndi kusakasaka mphamvu

Tsopano tibwerere kwathu. Mgodi wa mtovu ndi zinki umene T. G. Davey anaupeza m'caka ca 1902 anaucha Broken Hill potengera wa ku Australia uja. Malowo ndiwo Kabwe wa lero. Njanji inafika kumeneko m'caka ca 1906, ndipo damu la Mulungushi linatsegulidwa m'caka ca 1925 kuti lipatse mgodiwo magetsi. Kuyambira paciyambi, mbiri ya magetsi m'dziko lino inamangika ku mbiri ya migodi.

Ku dziko la Alamba, William Collier anaika zikhomo pa Roan Antelope ndi pa Bwana Mkubwa m'caka ca 1902, koma miyala yobiriwira ya pamwamba sinapindulitse kwenikweni. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1920, pamene kuboola pansi kunaonetsa miyala ya sulphide yoculuka, imene njira ya thovu inali yokonzeka kale kuisankha. Makampani awiri, Rhodesian Selection Trust ya Chester Beatty ndi Anglo American ya Ernest Oppenheimer, anatsegula migodi inai ikuluikulu: Roan Antelope ku Luanshya m'caka ca 1931, Nkana patapita miyezi yowerengeka, Mufulira m'caka ca 1933 ndi Nchanga m'caka ca 1939. Mgodi uliwonse unali ndi makina ophwanya, mizere ya zigayo, ndi nyumba yakeyake yopangira magetsi ndi malasha. Amuna ocokera m'madera ambiri, kuphatikizapo olankhula Cinyanja a kum'mawa kwa dziko lino ndi a ku Nyasaland, anagwira nchito m'malo amenewa.

Malasha anali kucokera ku Wankie, kumene tsopano ndi Hwange, pa njanji imodzi yokha. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, njanjiyo inalephera kunyamula malasha okwanira, ndipo migodi inayamba kutentha nkhuni. Nkhalango zazikulu zozungulira matauni a migodi zinagwetsedwa kufikira m'kati mwa zaka za m'ma 1950. M'caka ca 1956 nthambo za magetsi zinalumikiza Copperbelt ndi damu la Le Marinel ku Katanga. M'caka ca 1955 boma la Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland linali litasankha kale kumanga damu pa Kariba m'malo mwa pa Kafue, ndipo makampani a mkuwa anabwereketsa ndalama zambiri za nchitoyo. Khoma linatha m'caka ca 1959, magetsi n'kufika ku Copperbelt m'caka ca 1960. Mtengo wake sunali wa ndalama zokha. Atonga a m'cigwa ca Gwembe okwana pafupifupi 57,000 anasamutsidwa ku mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo m'caka ca 1958 apolisi anapha anthu asanu ndi atatu pa mudzi wa Chisamu pamene anthu anakana kusamuka. Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder analondola moyo wa anthu amenewa kwa zaka makumi angapo.

Si magetsi onse amene anapita ku zigayo. Mapampu ocotsa madzi pansi, zikepe zokweza miyala ndi nyumba zoyeretsera mkuwa zinali kudya gawo lalikulu. Komabe tani iliyonse ya mwala wa sulphide yotuluka pansi inayenera kudutsa m'cigayo, ndipo cigayo cikaima, mgodi wonse umaima. N'cifukwa cake pamene Ian Smith analengeza ufulu wosavomerezeka wa Rhodesia pa 11 Novembala 1965, Zambia inapezeka pangozi, popeza nyumba ya magetsi ya Kariba inali tsidya la kummwera ndipo malasha anali kucokeranso komweko. Boma linatsegula migodi ya malasha ya kwathu, makamaka wa Maamba, linakhazikitsa ZESCO m'caka ca 1970, ndipo magetsi a pa Kafue Gorge anayamba m'caka ca 1971, a tsidya la kumpoto la Kariba m'caka ca 1976.

Zotsatira zake zinali zakuti kwa zaka zambiri dziko linali ndi magetsi otsala ndiponso otsika mtengo, ndipo panalibe cokakamiza migodi kuwasamala. Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, ndalama zogulira makina atsopano zinasowa, ndipo ZCCM, imene inapangidwa m'caka ca 1982 pophatikiza makampani awiri a boma, inayendetsa zigayo zambiri zakale. Mkuwa wokumbidwa pacaka unatsika kucokera pa matani oposa 700,000 kufika pa matani pafupifupi 250,000 m'caka ca 2000, pamene migodi ikuluikulu inagulitsidwa. Koma m'nyengo imeneyi munacitika cinthu cimodzi coyenera kucikumbukira. M'caka ca 1974 ku Nchanga kunatsegulidwa fakitale yocotsa mkuwa m'matope otayidwa pogwiritsa nchito asidi, ndipo pambuyo pake inayamba kutenganso matope a m'madamu akale. Matopewo anali operedwa kale, mphamvu zake zinalipiridwa kale ndi mibadwo yam'mbuyo, ndipo mkuwa unapezeka popanda kuwabwezera m'cigayo.

8.0 Migodi yatsopano ndi kubwerera kwa malamulo akale

Migodi yatsopano ya m'cigawo ca Kumpoto Cakumadzulo inasintha kukula kwa nkhani yonseyi. Kansanshi inatsegulidwanso m'caka ca 2005, Lumwana m'caka ca 2008, ndipo Sentinel ku Kalumbila inayamba kutulutsa mkuwa m'caka ca 2015. Miyala ya ku Copperbelt ya m'zaka za m'ma 1930 inali ndi mkuwa wa magawo atatu, anai kapena kuposerapo mwa 100. Ya ku Sentinel ili ndi pafupifupi theka la gawo limodzi. Pa magawo anai, tani imodzi ya mkuwa ifuna matani 25 a mwala. Pa theka la gawo ifuna matani 200, ndiko kuti kupera kowirikiza kasanu ndi katatu.

Migodi yotere imadalira zigayo zazikulu zochedwa SAG, zimene zinafala kuyambira m'zaka za m'ma 1970. M'cigayo cotere miyala ikuluikulu imaswana yokhayokha mothandizidwa ndi mipira yocepa. Ku Sentinel kuli zigayo ziwiri za mtunduwu, ciliconse ca mamita 12 m'mimba mwake ndi mota ya mamegawati 28, ndi zigayo ziwiri za mipira za mamegawati 22 ciliconse. Zinai pamodzi ndi mamegawati 100, pafupifupi mphamvu yonse ya nyumba ya magetsi ya pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, imene ndi mamegawati 108. Ubwino wa zigayo za SAG ndi wakuti zimameza miyala yambiri ndi makina ocepa ndi anchito ocepa, koma pa mwala wolimba sizisamala magetsi.

N'cifukwa cake kafukufuku wa zaka 50 zapitazi wabwereranso ku malamulo atatu aja. Klaus Schönert wa ku Germany anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti kupanikiza mulu wa miyala pang'onopang'ono pakati pa migolo iwiri kumadya mphamvu zocepa kuposa kuigwetsera mipira, ndiponso kumasiya timing'alu timene timafewetsa mwala usanalowe m'cigayo cotsatira. Makina otere anayambira m'mafakitale a simenti m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'caka ca 2006 anaikidwa pa mgodi waukulu wa mkuwa wa Cerro Verde ku Peru. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza a ku Brisbane anaonetsa kuti kuphulitsa mwala mwadongosolo m'dzenje momwemo kumapeputsa nchito ya cigayo. Kumeneku ndi kuviika mphale kwa amigodi. Ku Mount Isa, m'caka ca 1994, kunayamba kugwira nchito cigayo cotakasa timikanda tating'ono m'malo mogwetsa mipira, coyenera ufa wosalala kwambiri. Posacedwapa pabwera makina oona m'kati mwa mwala ndi kuwala kwa X-ray ndi kukankhira pambali mwala wacabe usanafike pa cigayo, ndiponso njira za thovu zotha kunyamula tinjere tokulirapo. Maso a makina akugwira nchito imene maso a amisiri a pa Kansanshi anali kugwira.

9.0 Cilala ca 2024 ndi udindo wa aphunzitsi a cilankhulo

Nyengo ya magetsi otsala inatha. Madzi anacepa m'Kariba m'zaka za 2015 ndi 2019, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Cakumapeto kwa caka cimeneco makomo ambiri anali kukhala opanda magetsi kufikira maola 21 patsiku, ngakhale kuti Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, inali itamalizidwa m'caka ca 2023. Migodi, imene imagwiritsa nchito pafupifupi theka la magetsi a dziko lino, inayamba kugula ena kunja. Cigayo ca cimanga ca m'komboni ndi cigayo ca mgodi zimamwa pa nthambo imodzi.

Boma linalengeza colinga cofikitsa mkuwa pa matani 3,000,000 pacaka pofika m'caka ca 2031, kucokera pa matani opitirira pang'ono 800,000 a m'caka ca 2024. Tikagwiritsa nchito ziwerengero za m'citsanzo cathu, matani 1,000,000 a mkuwa ocokera m'mwala wa theka la gawo afuna matani osacepera 200,000,000 a mwala. Pa mayuniti 13 tani iliyonse, kuphwanya ndi kupera kokha kufuna mamegawati pafupifupi 300 usana ndi usiku caka conse. Kupulumutsa gawo limodzi mwa khumi pamenepo ndi kupeza mamegawati 30 popanda kumanga damu kapena kusamutsa mudzi.

Nkhani yotere siyenera kukambidwa m'Cingerezi cokha, popeza amene amakhala mumdima ndi amene ayenera kuimva. Amisiri amasonkhanitsa nchito yonseyi pansi pa liu limodzi locokera ku Cilatini lakuti comminution, limene ngakhale wolankhula Cingerezi wamba salidziwa. Cinyanja cili ndi mwai wakuti cimasiyanitsa kale kuphwanya, kusinja, kupera, kugaya ndi kusefa, ndipo cili ndi njira zake zopangira maina a zida, monga taona pa mphero ndi cigayo, kapena m'mau onga cophwanyira ndi coperera. Mphunzitsi kapena womasulira amene ayambira pa mau amenewa sapatsa wophunzira dzina lokha. Amampatsanso nzeru imene wophunzirayo anaiona kale pakhomo, yakuti misere ndiyo ibwerera mumtondo.

10.0 Mau otsiriza

Taona kuti makolo anasankha mwala asanauswe cifukwa mphamvu zao zinali za m'manja. Kuti makina a minsi ndi njira ya thovu zinatheketsa kupera zonse, koma pa mtengo wa malasha, nkhalango ndi midzi ya ku Gwembe. Ndiponso kuti akatswiri kuyambira pa Rittinger kufikira pa Bond anaonetsa kuti mphamvu zimakwera msanga ufa ukamasalala. M'Zambia funso la kusamala mphamvu m'zigayo linagona m'zaka za magetsi otsika mtengo, ndipo ladzutsidwa ndi zinthu ziwiri zobwera pamodzi, mwala wocepa mkuwa ndi madzi ocepa m'madamu. Pamene dziko likambirana za migodi yatsopano, funso lakuti magetsi adzacokera kuti liyenera kuyendera limodzi ndi linzake lakuti mwa matani onse olowa m'cigayo, ndi angati amene anayeneradi kulowamo.